Anandimeta ndi Felesiya

Amayi anga, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ine ndadzuka, kudzuka kwake komweko. Ndikulemba ndili ku Dubai konkuno, koma osati m'kachipinda kaja ka ku Al Barsha kopanda zenera, kamene ndinakuonetsani pa foni inu n'kunena kuti nkhuku zanu zimagona pabwino kuposa ine. Pano ndili ku Hor Al Anz, m'nyumba imene timagonamo azimayi asanu ndi mmodzi pa mabedi osanjikizana. Langa ndi lapamwamba. Anzanga apita kuntchito, ndatsala ndekha ndi fani. Chimene chandifikitsa kuno ndikuuzani, ingodekhani. Muyambe mwamva za kumudzi, poti ndikudziwa kuti ndi zimene mukanayamba kufunsa.

Mng'ono wanga Esinati anachira mu Juni, mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, ndipo chipumi ndi chanu chomwe, palibe angatsutse. Akuti akalira amatukula kachibakera m'mwamba ngati mmene munkachitira poitana nkhuku. Chimanga cha kudimba chinachita bwino, koma cha kumtunda mbozi zinachidya, nkhokwe sinadzaze. Mtengo wa mapeyala uja munkati ndi wosabereka wabereka chaka chino, mpaka nthambi ina kuthyoka. Wadikira kuti muchoke, mtengo wamwano. Denga la khitchini likudontha pamene paja. Ndipo achimwene a Yohane agulitsa mbuzi yanu ya mawanga osafunsa munthu. Esinati atawafunsa akuti anangoti inkadwala. Mbuzi yodwala yake iti yomwe inkalumpha mpanda wa a Chisale? Za iwowo tidzakamba tsiku lina, lero mkwiyo wanga uli ndi eni ake.

Amayi, pali zimene simudziwa za tsiku limene munaikidwa. Munapita Januwale, nthawi imene matenda aja anakolera kwathu. Lachiwiri Esinati anandiuza kuti mukutsokomola, Lachisanu akuti mukubanika, Loweruka m'mawa akuti mwatisiya. Ndinapita kwa madamu, mayi amene ndinkawalerera ana, ndinagwada pa matailosi awo, ine mayi wamkulu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinati ndiloleni ndipite, ngakhale ndikapeze ataika kale. Iwo anandigwira paphewa ndi nsonga za zala, akuti, "Pepa, habibti. Koma korona, ndege, kwarantini, ukapita sudzatha kubwerera. Inshallah mwezi wamawa." Habibti ndiye kuti wokondedwa. Inshallah ameneyu, Amayi, tanthauzo lake ndi loti Mulungu akalola, koma akatuluka m'kamwa mwa madamu ndiye kuti iwalako.

Maliro anu ndinawaonera pa foni, nditaitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira, ndikusenda mbatatesi za nkhomaliro ya eni. Ndinaona bokosi likutsika m'galimoto, amuna ovala zoyera ngati opopera mankhwala m'munda, anthu ochepa ataima patalipatali. Inu amene simunaphonyepo maliro a munthu m'mudzi monse muja, amene munkanyamula nkhuni ndi ufa wanu kukagona pa siwa masiku atatu, anakuikani mothamanga ngati akubisa chakuba. Nyimbo itangoyamba, netiweki inaduka. Itabwerera ndinangoona dothi.

Ndinayamba kulira, madamu analowa. Akuti, "Osati pamaso pa ana, uwaopseza." Ndinameza. Nditalowa kuchipinda kwanga kuti tsopano ndilire, misozi inakana. Ndinakhala pabedi ndikudikira, ayi ndithu, maso gwa! Kuyambira tsiku limenelo sindinalire, Amayi. Pakhosi panga panakhala chinthu chimene sichinkatsika ngakhale ndimwe madzi.

Tsiku lometa, Esinati ananditumizira chithunzi: iye, achimwene, azakhali, onse mitu ili mbee pansi pa mtengo wa mango. Ndinapitanso kwa madamu. Ndinawafotokozera kuti kwathu mayi akamwalira ana amameta, ndipo mpamene maliro amatha, munthu n'kuyambanso moyo. Anandiyang'ana ngati ndapempha kuti ndiwotche nyumba. Akuti ana adzaganiza kuti ndikudwala, alendo adzafunsa. Komanso ngakhale akanalola, akanandimeta ndani? Inu nomwe munkanena kuti wamaliro sadzimeta yekha, amametedwa ndi amene walira naye. Ndiye ndinakhala nalo tsitsi la maliro anu miyezi isanu ndi iwiri, ndikulimanga m'mawa uliwonse, ndikudana nalo.

Tsopano imvani izi. Ogasiti atafika, kuno kutatentha mpaka mpweya kumawotcha mphuno, madamu akuti tonse tikupita ku London kukapuma. Tonse, ndi ine ndemwe, poti ana ndani awasambitse? Amayi, mapepala anga anayenda ngati ali ndi miyendo. Viza, katemera, kuyezetsa m'mphuno, zonse zinatheka. Korona yemwe uja, ndege zomwe zija. Ndege imene inalibe mpando woti ndikaike mayi anga inapeza mpando woti ndikanyamule zikwama za ana. Ndinakhala m'mwambamo maola onse aja nditaluma mano, ndikudula nyama ya mwana m'tizidutswa.

Koma mumtima ndinali ndi changa. Ku London kuli anthu awiri amene amakudziwani. Woyamba ndi Jenifa wanu, mwana wamasiye uja munamutenga ali folomu wani n'kumusunga zaka zinayi, mumvekere mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pano ndi namwino, anakwatiwa komweko. Wachiwiri ndi Felesiya. Eee, yemwe uja, musachite tsinya. Amene munamuthamangitsa ndi tsache pakhomo pathu chifukwa anabwera atavala thalauza n'kukuyankhani, mumvekere ameneyu adzandiwonongera mwana. Pano amaluka tsitsi. Ine mtima wanga wonse unali pa Jenifa. Ndinkati ndikangomuona, tikakhala pansi awiri, chinthu chili pakhosichi chituluka. Felesiya ndinangomulembera mwamwambo kuti mwina ndidzadutsa.

Madamu anandipatsa tsiku limodzi, Lachinayi, ndi malamulo ake owerenga pa zala. Usakwere basi. Usakwere sitima yapansi panthaka. Usavule masiki. Usalowe m'nyumba ya munthu aliyense, ungatitengere matenda. Sikisi koloko ukhale wafika, ana asambe. Ndinati chabwino, madamu. Iwo ankaganiza kuti akandiletsa basi ndingozungulira paki n'kubwerera. Sankadziwa kuti ndine mwana wa mayi amene ankapita kuchigayo cha ku Mponela wapansi, thumba lili pamutu, n'kubwerako dzuwa lisanapendeke.

Ndinanyamuka eyiti koloko, foni m'manja ikundilozera njira. Amayi, ndisakunamizeni, miyendo yanga inasangalala ngakhale mwini wake ndinali wokwiya. Ku Dubai munthu sayenda, umangochoka m'nyumba yozizira kulowa m'galimoto yozizira. Zaka zisanu ndinali nditaiwala kuti ndili ndi akatumba. Ndinadutsa m'paki yaikulu kuposa munda wathu ndi wa a Chisale kuphatikiza, udzu wokhawokha, osadzalamo ngakhale phesi limodzi. Mukanadandaula. Agalu ovala majuzi, abakha onenepa oti palibe amawaponyera mwala, azungu atagona chagada pa udzu kudikira dzuwa lomwe silinkabwera. Ndinaona asilikali okwera pa akavalo akuda, zipewa zikunyezimira. Ndinaona nyumba ya mfumukazi, anthu atakakamira ku mpanda wachitsulo kujambula mazenera otseka. Wotchi yaikulu ija inali pa kalendala ya kusitolo ndinaipeza ataikuta ndi zitsulo, akuikonza. Ndinati nanenso ndafika tsiku lolakwika.

Ndinawoloka mlatho. Mtsinje wake ndi wamatope ngati Bua mvula ikagwa kumtunda. Kutsidyako, m'mbali mwa madzi, kuli khoma lalitali, ndipo palembedwa mitima yofiira yosawerengeka, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lingafike. Ndinayenda nalo khomalo osaona pothera. Mumtima uliwonse muli dzina la munthu amene anapita ndi matenda omwe anakutengani inu. Mayi wina wachizungu, wachikulire, anali atagwada akudetsanso mtima umene unafufuka ndi mvula. Anandiona nditaima, anandilozera cholembera chake kuti ngati ndili ndi wanga ndilembe. Ndinapukusa mutu. Ndikulembeni pakhoma la eni, m'dziko limene simunapondemo, pomwe pamanda anu palibe ngakhale thabwa? Ndinachokapo. Mayi uja sanalakwe, koma ndinamukwiyira ndithu chifukwa anali ndi pogwada.

Kwa Jenifa ndinafika cha m'ma leveni, chala chaching'ono chitatuluka thuza. Amakhala m'nyumba zosanjikizana za njerwa zofiira. Ndinaimba foni, anati ndikutsika. Ndinakonza chitenje. Chitseko chinatseguka, n'kutuluka iye, masiki kumaso, kapu ya tiyi m'manja. Ndinatambasula manja. Iye anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, n'kuika kapu ija pansi, pakati pathu, kuti ndiitole ndekha.

"Ene! Koma ndiye wanenepatu!" Amenewo ndiwo mawu oyamba, Amayi.

Anandiuza za mashifiti ake, za mwamuna wake amene ali ndi shuga ndiye salola munthu kulowa, za ana ake kuti akukhoza kusukulu. Ine ndili chiimire pansi pa masitepe, iye ali chiimire pamwamba. Kenaka, ngati wakumbukira kuti wasiya madzi pamoto, anati, "Pepa za amayi, ndinamva. Anthu afa, Ene. Ine ndawaona ambiri, sungamvetse." N'kuyang'ana wotchi.

Kupepesa maliro chiimire! Amayi, munaonapo? Ngakhale woledzera wa pamsika akamva kuti pakhomo pagwa zovuta amavula chipewa n'kukhala pansi kaye. Sindinkafuna kulowa m'nyumba mwake ine. Sindinkafuna kuti andikumbatire ngati akuopa. Masitepe analipo, akanakhala pamwamba ine pansi, mamita ake awiriwo ali pakati, n'kungotchula dzina lanu. Basi. Mwana amene munamufunditsa bulangeti lanu inu n'kumagona ndi chitenje mu Julaye. Amene munamubereka kumsana, mtsikana wamkulu miyendo ikukwekwereka, kupita naye kuchipatala atadwala malungo. Amene tsiku lonyamuka analira akuti ndinu mayi anga, sindidzakuiwalani. Anakuikani m'gulu la "ambiri."

Ndikudziwa zimene munganene. Muti ndimumvetse, maso ake anali olowa m'kati, waona zoopsa mwana uja. Zoona, ndinawaona masowo. Koma sindikufuna kumumvetsa panopa, mwina chaka chamawa. Munkatiuza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pepani, ine ndinasiya mlomo. Ndinati, "Jenifa, amayi anakupatsa bulangeti lawo, iwe wandipatsa sitepe." Tiyi wake sindinamukhudze. Anandiitana kawiri ndikupita, sindinacheuke.

Ndinakakhala pa benchi ya pamalo odikirira basi, ndinavula nsapato kuona thuza lija. Mabasi ofiira ankaima, kutsegula zitseko, kundidikira, n'kupita. Kunayamba kamvula kosanyowetsa koma kosaleka. Ndinati ndibwerere, zakwana. Kwa Felesiya kunali ola lina lathunthu, ndipo ngati woleredwa ndi inu wachita zotere, wothamangitsidwa ndi tsache achita zotani? Koma kubwerera kunali kukakhala m'chipinda cha eni ndi chinthu chija pakhosi, mpaka liti? Ndinavala nsapato.

Kumene amakhala Felesiya sikuli pa kalendala. Nyumba zachifumu zinatha, kunayamba masitolo ang'onoang'ono, fungo la nsomba zouma, nthochi zophika zitaunjikidwa panja, chinangwa, anthu akuda okhaokha akukuwa m'zilankhulo zawo. Ndinaona therere, Amayi, lili m'bokosi ngati chinthu chapamwamba. Saluni yake ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya mafoni, mipando iwiri ndi galasi. Ndinaima pakhomo. Anali akuluka mayi wina, mutu wafika theka, chipeso chili m'kamwa. Wanenepa, ali ndi imvi pang'ono, koma maso ndi omwe aja osaopa munthu.

Anandiona pagalasi. Sanandipatse moni, sanati wanenepa, sanati wafika liti. Analavula chipeso. Anauza mayi uja m'Chingerezi kuti abwere mawa, kuno kwagwa maliro, n'kumumanga kansalu kumutu, mayi akudandaula mpaka kutuluka. Anakankhira mipando kukhoma. Anatulutsa chitenje m'kabati n'kumanga m'chiuno pamwamba pa thalauza, china n'kuyala pansi. Anavula nsapato. Anakhala pansi, miyendo tambalale, anaika manja kumutu, n'kuyamba.

"Mayo ine! A Nambewe ine! Mwatisiyira yani ana, mayi wanga ine!"

Mawu enieni a kwathu, Amayi, okoka, ochokera m'mimba, pakati pa London masana dzuwa likanakhalapo lili pamutu. Wogulitsa mafoni anasuzumira n'kuthawa. Ine ndinali ndidakali pakhomo, zala za kumapazi zili pamzere wa chitseko. Ndinakumbukira chala cha madamu: usalowe m'nyumba ya munthu aliyense. Ndinadziwa bwinobwino kuti ndikadutsa mzere umenewu ndaika ntchito yanga pamoto, ntchito imene imadyetsa ana a Esinati. Ndinavula nsapato, ndinavula masiki, ndinalowa.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pansi. Ndinangozindikira mutu wanga uli pamiyendo pa Felesiya ndikukuwa ngati mwana. Ndinalira bokosi lija, ndinalira netiweki, ndinalira mbatatesi. Ndinakuitanani maina anu onse. Ndinakukalipiraninso, mumve, kuti munalekeranji kundidikira, munapitiranji kumaliro a eni popanda masiki pomwe ndinakutumizirani. Iye akaona kuti ndikutopa ankayambitsanso, ine n'kumutsatira. Kenaka anayamba nyimbo ija munkaikonda ya kutchalitchi, mawu ena anawaiwala, tinangoing'ung'udza. Pomwe tinkaleka, chitenje chinali chitanyowa ndipo pakhosi panga panali potseguka.

Kenaka iye anamina n'kunena kuti, "Amayi ako sankandifuna, Ene, usaganize kuti ndinaiwala. Tsache lija ndimalimvabe pamsana kukazizira." Tinaseka, Amayi, pepani, tinaseka mpaka kutsokomola. Ndinamufunsa kuti nanga walirira chiyani chonchi. Anati, "Iwe, maliro n'kulirana. Anga atamwalira ine ndinali kuno, ndinalibe mapepala, sindinapite. Ndinalira ndekha m'bafa, madzi nditatsegula kuti asandimve. Ndinalumbira kuti wa kwathu aliyense akadzafika pakhomo panga ndi maliro, sadzalira yekha."

Mwamva, Amayi? Munalakwitsa. Ndikunena ndine mwana wanu, munalakwitsa. Munayang'ana thalauza.

Atatero anandiyang'ana kumutu. Anagwira tsitsi langa, analipotokola pa chala. "Ili ndi la liti?" Ndinati ndi lomwe lija. "Sunamete? Kuyambira Januwale ukuyenda ndi maliro kumutu?" Ndinayamba kufotokoza za madamu, za ana, za alendo. Anandidula. "Madamuwo ndi amene anakubereka? Khala apa."

Sanandikhazike pampando wa makasitomala. Anandikhazika pansi pomwepo, iye n'kugwada kumbuyo kwanga. Anayamba ndi sizasi, kenaka makina. Ndinkamva tsitsi likugwera pamapewa, mutu ukupepuka, kamphepo kakundikhudza pamene sikanandikhudzepo chikhalire. Pometa ankayankhula nanu, osati ndi ine. "A Nambewe, mwana wanu uyu tamumeta. Mumusiye tsopano agone tulo. Ine ndi Felesiya, wa thalauza uja, musadabwe." Atamaliza anandisambitsa mutu ndi madzi ofunda, anandidzoza mafuta. Tsitsi analisonkhanitsa lonse, osasiya ngakhale limodzi, tinakalikwirira kuseri kwa sitolo, pakadothi kamene kali pansi pa mtengo, tikukumba ndi supuni. Ndiye mukamawerenga malo amene ana anu anametera, muwerengenso pamenepo.

Tinamwa tiyi ndi buledi titakhala pansi. Anandipatsa duku lake lakuda. Folo koloko itakwana ndinanyamuka, iye anandiperekeza mpaka pamphambano, osavala nsapato, akukalipira magalimoto.

Ulendo wobwerera ndinauyenda ngati ndatula mtolo, ndikudzera njira yachidule osaimaima. Thuza linaphulika, sindinalimve. Pamlatho ndinavula duku kuti mvula indigwere pamutu. Khoma la mitima lija ndinalidutsanso, mayi uja anali atapita, ndipo ndinamva chisoni kuti ndinamupukusira mutu. Ndinafika sikisi itapitirira ndi mphindi khumi, duku nditamanganso bwinobwino.

Madamu anali pabalaza. Anayang'ana wotchi, anayang'ana nsapato zanga zonyowa. "Unalowa m'nyumba ya munthu?" Amayi, ndikanatha kunena kuti ayi. Duku linali litabisa zonse, ndipo iwo sayang'ana kumutu kwa wantchito. Ndikanavala duku mwezi umodzi, tsitsi n'kumera, nkhani n'kutha. Koma ndinaona kuti ndikabisa, ndiye kuti ndakuikaninso kachiwiri mobisa, ngati mmene anachitira aja ovala zoyera. Ndinamasula duku.

Anakuwa. Bwana anatuluka kuchipinda. Ndinawauza zonse, kuti ndinalowa, ndinavula masiki, ndinalira pamiyendo pa munthu, ndipo wandimeta. Madamu anagwira pakamwa, akubwerera m'mbuyo, akukankhira ana kumbuyo kwawo. Akuti, "Koma mayi ako anamwalira Januwale! Khalas, zinatha!" Khalas ndiye kuti basi, zatha, palibenso zokamba. Mawu amenewa ndawamva tsiku lililonse zaka zisanu, ndipo nthawi zonse ndinkayankha kuti chabwino, madamu. Tsiku limenelo ndinati, "Kwa inu zinatha Januwale. Kwa ine amayi amwalira lero."

Ananditsekera m'kachipinda masiku asanu, chakudya akusiya pakhomo. Anandiyeza kawiri, sanandipeze ndi kanthu. Kuopa kwawo sindikuwatsutsa, ana ndi awo, lamulo ndinaliphwanya ndine. Chimene sindidzawakhululukira n'choti m'miyezi isanu ndi iwiri yonse ija sanandifunsepo ngakhale dzina lanu. Titabwerera ku Dubai, tsiku lachiwiri lomwe, ndinapeza pasipoti yanga ili pathebulo la kukhitchini pamodzi ndi tikiti. Ana amene ndawalera kuyambira ali m'matewera sanandilole kuwatsanzika, anawapititsa kokasambira. Wamng'onoyo sadya ngati sindinamuuzire chakudya. Zimenezo zikundipweteka, sindikubisirani.

Ndi mmene ndapezekera pa bedi lapamwamba lino. Ananditenga ndi mayi wina wa ku Chipata amene tinkakumana kutchalitchi, akuti gona pano mpaka tsiku la ndege. Esinati nditamuuza anati, "Achemwali, nanga feteleza chaka chino?" Ndikuopa, Amayi. Ndikubwera chimanjamanja, ndi sutikesi imodzi ndi mutu wometa. Anthu adzandiseka kuti anapita ku Dubai n'kubwerako ndi mpala. Aseke. Ndikagona ndikugona tulo tsopano, ndipo ndikakukumbukirani misozi ikubwera yokha, ngakhale pamaso pa anthu.

Jenifa walemba mauthenga atatu. Sindinawatsegule. Felesiya amaimba tsiku lililonse kufunsa ngati ndadya, ndipo akuti ndikupatseni moni. Muyankhe, Amayi, musachite ngati simunamve.

Ndege ndi ya Lachitatu. Ndikafika sindiyamba ndi kumasula katundu. Ndikapempha amalume andiperekeze kumene mwagona, ndikatenga khasu ndi tsache, ndikalambula pamanda panu ndi manja angawa. Ndikatha ndidzavula nsapato, ndidzakhala pansi, ndipo sindidzayang'ana wotchi ya munthu. Limenelo ndi lonjezo langa. Ngati ndalakwa kutaya ntchito chifukwa cha inu, musandiyankhe panopa. Mukandikalipire ndili pafupi.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale munandisiya osanditsanzika.

Ndine mwana wanu woyamba,
Enelesi